Katungwe wa ku Kabula

Mtsikana wamng'ono, Awa, anafunsa funso lake pa nthawi yolakwika, mphasa za pamaliro zisanapindidwe n'komwe. Linali tsiku lachinayi chiikireni mayi ake m'manda. Bambo ake, Wadi, anali atakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi Che Dinala, mchimwene wa malemuyo, ndipo tiyi anali atazizira m'makapu pakati pawo. Mtsikanayo anabwera akukoka mapazi mumchenga, anagwada, n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, kodi ku katungwe kuja tidzapitabe?"

Wadi anayang'ana m'kapu. Che Dinala ndiwo anayankha, ndipo anayankha mofatsa, poti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sumukalipira misozi isanaume. Anati mwini ulendo wapita ulendo wina, wosatenga anthu. Anamuuza kuti apite akathandize mkulu wake Subira kutsuka mbale. Awa anapita, koma funso lake linatsala pamphasapo, ndipo amuna awiriwo anasowa polilambalala.

Katungweyo panalibe anamuonapo m'mudzi monsemo kupatula Mwanabibi, mayi a anawo, ndipo nayenso anamuonera kunja kwa mpanda. Mwanabibi ankagulitsa usipa wouma. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankakwera lole kuchokera kuno ku Makanjira ndi madengu ake, kugona ku Mangochi, kukwera basi mpaka ku msika wa ku Limbe, kamodzi pamwezi msewu ukalola. Chaka chatha nthawi ya chisanu, atamaliza malonda, anaperekeza mnzake ku Blantyre, kuja akuluakulu amati ku Kabula, n'kupeza kuli chionetsero cha zamalonda. Pamwamba pa mpanda wa malata anaona gudumu lachitsulo lotalika kuposa migwalangwa iwiri, lokhala ndi timipando tolendewera, likuzungulira pang'onopang'ono anthu ali momwemo. Ena ankakuwa, ena ankaseka, mayi wina duku lake linauluka n'kukagwera pamsewu. Mlonda wa pageti anamuuza kuti mkatimo mulinso akavalo amatabwa oyenda okha, ndi timagalimoto togundana dala popanda wapolisi wofunsa. Mwanabibi anaima pamenepo mpaka khosi linamuwawa, koma sanalowe. Atabwera kumudzi anati zinthu zoterezi sizionedwa ndi maso awiri okha, munthu ungaphulike nazo.

Kuyambira pamenepo pakhomo panalowa matenda a ulendo. Mwanabibi sankadziwa kulemba, koma msewuwo ankaudziwa ngati njira ya kuchitsime. Masana akamatembenuza usipa pathandala ankaitana ana ake, n'kuyamba kundandika tinsomba m'mphepete mwa bango. Aka ndi Lungwena, pomwe lole imamwa madzi. Aka ndi Malindi, apa mukutumule fumbi kumutu chifukwa tayandikira anthu. Aka ndi mlatho wa Shire, iwe Awa usadzasuzumire. Pa depoti ya ku Mangochi aliyense khadi la chipani likhale m'manja osati m'chikwama, anyamata a pageti aja alibe nthawi yodikira munthu akupisapisa. Subira adzavale deresi lalitali lija, lofika kukatumba. Tinsombato tinkapitirira choncho mpaka kumapeto kwa thandala, ndipo kumeneko ankazunguliza khumi ngati nkhata, n'kunena kuti tafika, tsikani bwino. Awa akafunsa kuti pamwamba pa gudumupo munthu amaona chiyani, mayi ake ankati Mulanje uku, nyanja uko, ndipo ukapenyetsetsa uona amjomba ako ali m'bwato akukalipira mphepo.

Ulendowo unali wa mu Juni uno. Mwanabibi anagona pansi kumayambiriro kwa Meyi, masiku asanu ndi limodzi okha, m'mimba mukumupota, ndipo Loweruka m'mawa anatsikira kulichete. Pofika masana anali ataikidwa kale, monga achitira Asilamu.

Tsono pali zimene aliyense ankadziwa ngakhale palibe anali atazitchula. Wadi anali mkamwini. Kwawo kunali kumapiri, kufupi ndi Chiponde, ndipo anabwera kudzakhala kwa mkazi wake zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Ankakonza nyali zopopa za asodzi, munthu wa manja abwino ndi mawu ochepa, woti ngakhale pofuna kutsokomola ankakhala ngati ayambe wapempha. Nyumba anamanga ndi iye, mango aja anadzala ndi iye, koma dothi linali la mbumba ya mkazi wake, ndipo ana analinso a mbumba. Ikadzatha arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi, abale a Mwanabibi adzamuthokoza, adzamusudzula, ndipo adzanyamula bokosi lake la zitsulo kubwerera kwawo. Atsikanawo adzatsala m'manja mwa Che Dinala, mwini mbumba. Panalibe nkhanza pamenepo, ndi mmene zimakhalira, mlendo ndi mame. Koma chionetsero cha ku Kabula chinali kudzatsegulidwa patatha sabata imodzi arubaini itachitika.

Wadi anatembenuza kapu katatu asanalankhule. Anapempha kuti akadzamusudzula amulole akhaleko sabata imodzi yokha, atenge anawo akawaonetse chimene mayi awo anawalonjeza, akabwerako azipita kwawo mtima uli m'malo. Anati sakupempha china chilichonse, ngakhale nkhuku.

Che Dinala anavula kofiya, anaiyang'ana mkati, n'kuivalanso.

"Alamu, ine sindikukuyesani wakuba. Zaka zonsezi simunatolepo ngakhale bweya la mwini. Koma munthu tikamusudzula, n'kumupatsanso ana athu kuti akwere nawo galimoto, ndiye kuti tachita chiyani? Basi ya ku Kabula ndi basi ya ku Chiponde zimaima pa depoti imodzi."

Anamukumbutsa za ana a azakhali awo, amene bambo awo anawatenga kuti akawagulire zovala kumalire, n'kuwaolotsera ku Mozambiki. Kenako kunabuka nkhondo ija, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati ali moyo. Anati iwo malemu mayi awo anawasiyira mbumbayi, ndipo sadzakhala munthu wachiwiri kutaya ana pamsewu.

Wadi anangoti wamva. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti alamu akewo sananame kwenikweni. Maganizo amenewo anali atamufikirapo kale, tsiku lachiwiri la maliro, ataona Awa akugona atakumbatira chitenje cha mayi ake. Anadziona ali naye pa basi yokwera mapiri a ku Namwera, osacheuka. Anachita manyazi ndi maganizowo ndipo anawathamangitsa, koma anadziwa kuti anabwerapo.

Mawa lake linali Lachinayi, tsiku la lole. Inamveka ili kutali, ikulira ngati ng'ombe yomangidwa, ndipo m'malo mokaima pasitolo inakhotera kunyumba ya maliro. Woyendetsa wake, Kalisto, anatsika, anavula chipewa, n'kukagwada pamaso pa amuna aja mafuta ali m'manja. Uthenga anaumvera ku Malindi. Anati wanyamula anthu ambiri pamsewu umenewu koma mayi uja anali wina. Zaka zonsezo sanavomere kukhala kutsogolo ngakhale mvula igwe, ankakhala pamwamba pa madengu ake kumbuyo, amvekere nsomba zimafuna mwini. Lole ikatitimira mumchenga woyamba kutsika kukankha anali iye, akunyoza amuna otsala m'mwamba.

Kenako Kalisto ananena chimene anabwerera. Mwezi wa Malichi, Mwanabibi anamuuza kuti sabata ya chionetsero asunge malo a anthu anayi, ndipo kutsogolo akolopeko bwinobwino, achotseko zitsulo ndi zigubu zake. Anamutumanso kwa mayi wa tiyirumu ya pafupi ndi depoti ku Mangochi, ndipo mayiyo wati chipinda chilipo, anthu anayiwo adzangofika. Kalisto anati iye sakudziwa kuti banja laganiza zotani, koma mawu anapatsidwawo akadali nawo.

Wadi anawerenga chamumtima, iyeyo, Subira, Awa ndi malemu, ndipo anayang'ana kumbali. Che Dinala anathokoza mlendoyo ndi ulemu wonse, n'kunena kuti anayiwo atsala atatu, ndipo mpando wa miyendo itatu sapatsa mwana. Kalisto sanatsutse. Anamwa madzi, anapepesanso, lole n'kubwerera chammbuyo mpaka pamsewu.

Masiku otsatirawo pakhomo panali zii. Anthu a kutali anabwerera kwawo, amayi oyandikana nawo ankabwera m'mawa n'kuchoka dzuwa likakwera. Thandala la Mwanabibi linali lopanda kanthu, bango lake likuyera padzuwa, mamba akale okhaokha akung'anima. Mwera unali utayamba, ndipo fungo la usipa wa eni linkabwera kuchokera kugombe n'kulowa m'nyumba ngati likufuna munthu. Subira, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anatsuka madengu a mayi ake n'kuwayanika, kenako anawatsukanso. Wadi ankakhala pakhonde ndi nyali ya mwini imene inalibe vuto lililonse, akuimasula n'kuimanganso.

Lolemba masana Awa anabwera kuchokera kunyanja ndi zigoba za nkhono m'deresi. Anazikhuthulira pathandala, n'kuika chimodzi kumayambiriro kwa bango. Sanaitane munthu. Subira anabwera yekha akupukuta manja, ndipo patapita kanthawi Wadi nayenso anaika nyali pansi.

Pa ulendo wa zigobawo anayenda bwino mpaka ku Mangochi. Awa ankatchula malo, Subira ankaonjeza zimene mayi awo ankanena pamalopo, ndipo nthawi zina mawu ankatuluka ndi kamvekedwe ka malemu mwini wake. Wadi anati pa mlatho iye adzakhala mbali ya madzi. Anaoloka Shire, anaonetsa makhadi, anakwera basi ya m'mawa, Awa pawindo. Anadutsa Ulongwe, kumene malambe amaima m'mbali mwa msewu ngati akuluakulu odikira mlandu. Anafika pa Liwonde, anagula chimanga chootcha pawindo. Awa anatseka maso, anati akumva basi ikugwedezeka, ndipo Subira anamuuza kuti abweze mutu mkati. Kwa kanthawi ndithu atatuwo sanali ku Makanjira. Fumbi la pakhomo linali la pamsewu, mphepo ya mwera inali yolowera pawindo, ndipo mpando wachinayi palibe anauyang'ana.

Atachoka pa Liwonde anasochera. Subira anati kenako ndi Zomba. Awa anakana, anati pakati apa pankakhala tinsomba titatu, ndipo koyambako amayi ankati basi imalira pokwera phiri, anthu n'kusiya kucheza. Anatembenukira kwa bambo awo, koma Wadi sanapitirirepo Mangochi chibadwire. Anayesa kukumbukira, ndipo anazindikira ndi chisoni kuti nthawi zonse mkazi wake akamafika pamenepa iye ankakhala akuyang'ana manja ake, osamvera mawu. Awa anagwira chigoba m'mwamba, osadziwa pochiika. Msewu wa mayi ake unali utayamba kale kufufutika, sabata ziwiri zisanathe.

"Machinga."

Anali Che Dinala. Anali atakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, ukonde uli pamiyendo, nsana atalozetsa kwa iwo.

"Machinga, kenako Malosa, kenako Domasi. Mukapitirira Zomba ndi Thondwe. Pa Namadzi musagule nthochi za pawindo loyamba, zotsekemera zili kutsogolo."

Awa anaika zigoba zija chimodzichimodzi. Subira anafunsa amjomba ake kuti anapitako liti. Funso limenelo linali lachipongwe pang'ono, chifukwa dziko lonse linkadziwa kuti Che Dinala, munthu woti anaolokapo nyanja pa bwato mwera uli pachimake, galimoto ankaiona ngati ng'ona. Chibadwire sanakwerepo. Tsiku limene anafunika ku Malindi anayenda pansi, lole ikuwapitirira kawiri. Iwo anayankha kuti chemwali awo ankalankhula mokweza ngati ali pamsika, ndipo munthu sungatseke makutu pamene manja ali ndi ukonde. Anati kudziwa maina a malo si ulendo. Kenako ananyamula ukonde wawo n'kupita nawo kugombe, ngakhale unali usanathe kusokedwa.

Madzulo a tsikulo Subira anauza bambo ake kuti iye ndi wamkulu, akhoza kungonyamuka ndi Awa m'mamawa wa tsiku la lole, bambo awo n'kukakumana nawo pa Lungwena. Wadi anakana. Anati akatero ndiye kuti alamu ake analondola, ndipo anawo adzakhala pamudzi pano moyo wawo wonse akutchedwa ana a munthu wakuba. Subira anafunsa kuti ndiye angokhala osachita kanthu, monga mwa masiku onse? Mawuwo anamulasa, ndipo mtsikanayo anadziwa. Anagwada n'kupepesa, koma sanawabweze.

Lachinayi lotsatira lole inaimanso pakhomopo. Kutsogolo kunatsika mayi wonenepa, wa korona m'khosi ndi duku lakuda, atanyamula kathumba kumanja ndi phukusi la chitenje kukhwapa. Anayamba kulira asanafike pakhonde, kulira kwenikweni kwa pamaliro, ndipo amayi oyandikana nawo anatuluka kudzamulandira, maliro n'kuyambiranso ngati achitika dzulo. Mlendoyo anali Mayi Benedicta a ku Ndirande, amene ankagulitsa nsomba pa benchi loyandikana ndi la Mwanabibi ku Limbe. Kwawo ndi kumene malemuyo ankagona akapita ku malonda. Uthenga unawapeza mochedwa, kudzera kwa ogulitsa nsomba anzawo, ndipo anayenda masiku awiri.

Atapuma, atamwa madzi, anapempha kuonana ndi amuna a pakhomopo. Anayala mphasa pansi pa mango paja. Mayi Benedicta anakhala chapatali pang'ono, Subira ndi Awa ali pambali pawo. Anasimba mmene anadziwirana ndi Mwanabibi, tsiku limene anakanganirana kasitomala mpaka kutsala pang'ono kumenyana ndi madengu. Anasimba mmene Mwanabibi ankawadzutsira mbandakucha ndi madzi ake osamba pokonzekera pemphero la swala, ndi mmene iwo anasiyira kuphika nyama ya nkhumba m'nyumba mwawo chifukwa cha iye, mpaka amuna awo kumakadyera kwa anzawo. Anthu anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni maliro.

Kenako anati za mwezi wamawa asade nkhawa, zonse anakonza kale monga anagwirizana ndi malemu. Nyumba ndi yaying'ono koma ikwana.

"Atsikanawa adzagona ndi ine kuchipinda. Amuna awirinu mudzagona pabalaza, mabulangete ndabwereka kale. Kuja kumazizira, si kuno."

Wadi anadzutsa mutu.

"Amuna awiri ati, mayi?"

"Inuyo ndi alamu anuwa. Si anthu anayi kodi? Inu, achimwene ake, Subira ndi Awa."

Tsamba la mango linagwa pamphasa, Awa n'kulitola. Subira ndi amene anafunsa, mawu ali pansi, kuti nanga amayi.

Mayi Benedicta anayang'ana nkhope zonse zinayi, ndipo anazindikira kuti anyamula katundu wolemera kuposa mmene ankaganizira. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kufotokoza. Mu Januwale anaperekeza Mwanabibi kuchipatala mumzinda muja, chifukwa ankangogwira m'mimba ali pa benchi. Madokotala anamuyeza masiku awiri, n'kumuuza zoona, kuti chotupacho chafalikira ndipo chisanu sadzachiona. Potuluka anawalumbiritsa kuti asauze munthu. Anati akanena, kwawo amugoneka pamphasa miyezi isanu akumuyang'ana ngati mtembo, pamene iye ali ndi ulendo woti akonze. Maulendo atatu amene anayenda pambuyo pake, nsomba zinali chonamizira. Ankayenda kukonza njira.

"Ndinamufunsa kuti bwanji osangopita nawo pompano, ukadali ndi mphamvu. Anati gudumulo kulibe, limabwera mu Juni basi. Ndiye ndinati nanga achimwene akowo ukuwavutitsiranji, munthu woopa galimoto. Anandiyankha kuti, ‘Benedicta, ndikadzapita amuna anga adzawasudzula. Achimwene sangalole ana achoke pamaso pawo, ndipo akulondola. Amuna anganso sangakangane ndi munthu. Ndikawasiya choncho aliyense adzakhala ndi chilungamo chake, ana anga n'kukhala opanda bambo. Timipando tija timakhala anthu awiriawiri. Udzawakweze pamodzi.’"

Wadi anaphimba nkhope ndi manja ake akuda ndi mwaye wa nyali. Analira mosabisa, mapewa akugwedezeka, ndipo sankadziwa ngati akulira chifukwa mkazi wake anamubisira, kapena chifukwa anamudziwa bwino chotere. Miyezi inayi anagona pambali pa munthu amene ankawerenga masiku ake yekha, iye n'kumaganiza kuti ndi kutopa kwa pamsewu.

Che Dinala anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali wa munthu amene wagwidwa pamalo ofewa. Anati chemwali awo anali choncho kuyambira ali mwana, wokonzera anthu zochita asanawafunse. Anati iwo ndi mwini mbumba, akanayenera kuuzidwa za matendawo, akanagulitsa ukonde, akanapita naye kulikonse. Apa mawu anawathera pang'ono, poti onse anadziwa kuti kulikonseko kukanafuna galimoto. Anayambiranso. Anati akufa salamula amoyo. Anati mwezi wa Juni ndi wa utaka, bwato silingakhale pamtunda sabata yathunthu. Anati munthu wa zaka zawo, wopita ku mzikiti kasanu patsiku, akapezeke akulendewera m'mwamba ngati mleme, anthu akamva adzati chiyani. Palibe anawayankha, ndiye zifukwa zinayamba kuchepa.

"Ndiponso ine ku Kabula ndikalowa ngati ndani? Taonani mapaziwa. Nsapato ndilibe, sindinavalepo. Akandibweza pageti."

Anatambasula miyendo pamphasa kuti aliyense aone. Analidi mapazi a m'madzi, otambalala, ong'aluka zidendene, zala zotalikirana.

Mayi Benedicta anakoka phukusi la chitenje lija, anamasula mfundo ndi mano, n'kufunyulula nyuzipepala yakale. Munali nsapato zachikopa zofiirira, zogula pa kaunjika koma zopolishidwa mpaka kuwala, zazikulu ngati timabwato. M'kati mwa imodzi munali sokosi zaubweya. M'kati mwa inayo munali kachingwe ka mlaza, komangidwa mfundo uku ndi uku.

Anati Mwanabibi anazungulira msika wonse wa Limbe ndi kamlaza kameneka mu Epulo, ulendo wake womaliza, akukalowetsa mu nsapato iliyonse, ogulitsa akumuseka kuti mayi mukugulira chimphona. Ankayenda pang'ono n'kukhala pansi, kuyenda pang'ono n'kukhala pansi. Anazipeza tsiku lachiwiri.

Che Dinala anatenga kamlazako ngati kangawalume. Anakayang'ana, kenako anaweramira phazi lawo lamanja, anaika mfundo imodzi pachidendene, n'kukoka inayo mpaka kuchala chachikulu. Mlazawo unapitirira chalacho ndi kachidutswa. Anapumira m'mwamba, ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Mwaona. Si muyeso wanga uwu. Analakwitsa."

"Tayesani linalo, amjomba," anatero Subira.

Anazengereza, koma maso onse anali pa iwo. Anakoka phazi lamanzere, lija bwato linaligwera ali mnyamata, chala chachikulu n'kupola chitatupa ndi kutalika kuposa chinzake. Mfundo imodzi inakhala pachidendene. Inayo inafika pansonga penipeni pa chala chopundukacho, osapitirira, osaperewera.

Anakhala choweramira choncho nthawi yaitali. Kunyanja kunamveka anthu akuitanizana kukoka bwato, koma iwo sanacheuke. Atalankhula, sanayang'ane munthu.

"Mayi, gudumu limenelo likafika pamwamba, limaima?"

Mayi Benedicta anati limaima pang'ono, kuti apansi akwere.

"Ndiye alamu, likadzaima mudzandigwire. Musadzandisiye. Zosudzulanazo tidzakamba tikadzabwerako. Sizithawa."

Wadi anavomera ndi mutu. Awa anayang'ana mkulu wake kuti amuuze ngati wamva bwino, ndipo Subira anamugwira dzanja n'kulifinya.

Che Dinala anafunsa, kamlaza kakadali paphazi, kuti kodi anawayeza liti, poti iwo sakumbuka. Mayi Benedicta anati nawonso anamufunsa Mwanabibi zomwezo. Iye anati ankawatsatira achimwene akewo kugombe m'mamawa, n'kudikira akankhe bwato alowe m'madzi, kuti ayeze phazi lawo pamchenga wonyowa. Koma masiku amenewo kugwada kunali kutayamba kumuvuta, moti akamafika pansi funde linkakhala litafufuta kale. Anapitako masiku atatu asanaupeze muyesowo.

Che Dinala anapukuta mchenga kuphazi lamanzere ndi chikhatho, pang'onopang'ono, pakati pa zala ndi kuchidendene komwe. Kenako anatambasula dzanja kuti awapatse sokosi.